Nsato ya ku Nangongwe ndi Mbuya Wake

Ku Nangongwe, dera lina la ku Kafue, kuseri kwa pamene amaima maminibasi opita kutauni, kunali kanyumba ka zitseko ziwiri. Chitseko chakumanja chinali cha Lemmy Chisanga, wometa tsitsi. Chakumanzere chinali cha Felistus Daka, mayi wosoka mayunifomu a ana asukulu ndi madiresi a paukwati. Pakati pa awiriwa panalibe khoma loti khoma, koma thabwa lopyapyala loti ngakhale munthu akatsokomola mbali inayo umamva. Choncho zonse zimene amuna ankabwebweta pometedwa zinkagwera pamakina a Felistus. Ndipo amuna a ku Nangongwe, abale inu, akatopa ndi za mpira ndi za kuthima kwa magetsi, ankabwerera ku nkhani imodzimodzi, ya mwamuna wake.

Mwamuna wakeyo anali Lastone Daka, amene dziko lonse linkamutcha Nsato. Ankachita masewera aja omenyana m'khola la waya, amene achinyamata amati MMA, momwe nkhonya, mateche ndi kugwetsana zonse nzololedwa. Lastone sanali wa nkhonya zambiri ayi. Iye ankalola kumenyedwa, mutu wakewo n'kumalandira zibakera ngati thumba la chimanga, mpaka atapeza mpata wokulunga mkono pakhosi pa mnzake. Akatero, mnzakeyo ankatsala ndi njira imodzi yokha, kugogoda ndi chikhatho pathupi pa Lastone posonyeza kuti wagonja, woimbira masewera n'kuwalekanitsa. Umu ndi mmene anatengera lamba wa ukatswiri ku Joni, Kafue yense akuonera pa TV. Tsiku limene anabwera naye lambayo, maminibasi anasiya ntchito n'kumangoliza mahutala kuchokera pamlatho mpaka ku Estates.

Kenako, dzina lake lili pakamwa pa aliyense, Lastone anangolengeza kuti wasiya. Apa n'kuti mnyamata wina woopsa wa ku Kongo atamuputa poyera kuti akumane m'khola. Lastone sanamuyankhe. Anabweza lamba, n'kubwerera ku Kafue, n'kukhala phee. Zaka zinadutsa, koma mkangano umene anausiya m'mbuyo sunakalambe.

“Uja anathawa chabe,” ankatero Boyd, dalaivala wa minibasi, mutu uli theka wometedwa. “Champiyoni wa zoona amaluzila lamba mu khola. Samaisiya pa tebulo monga makiyi ya nyumba ya lendi.”

“Iwe Boyd, unamenyako ndani pa umoyo wako?” ankayankha Humphrey, mphunzitsi amene analinso wapampando wa kalabu ya masewera a achinyamata. “Munthu anasiya ali pamwamba, palibe anamugonjetsa. Ndiye nzelu zamene izo.”

Zikafika apa Lemmy ankazimitsa makina ometera kuti onse amumve bwino. “Imwe bantu, musavutike. Mungoni sanayambe lelo kuthawa. Makolo yake anathawa ku South na miyendo mpaka ku Chipata, uyu naye wathawa wa ku Kongo na ndeke. Vili mu magazi!” Chipinda chonse chinkafa nacho chiseko, mpaka thabwa lija kugwedera.

Mlendo akanamva mawu amenewa akanati Lemmy ndi mdani wa Lastone. Ayi ndithu. Lemmy anali Mbemba, Lastone Mngoni, ndipo pakati pa mitundu iwiriyi pali chimbuya. Makolo awo analasana mikondo kalekale, ndipo atatopa anapangana kuti nkhondo yotsalayo azimenyera pakamwa. Mbuya wako akhoza kukunyoza pamsika, kukulanda chipewa, kukutcha kapolo wake apongozi ako ali pomwepo, iwe n'kumangoseka uku ukukonza zobwezera. Kukwiya nkoletsedwa, ndipo anthu apambali salowererapo, amangoonerera ndi kuwomba m'manja. Komatu Lemmy yemweyu ndiye ankanyamulira Lastone madzi ndi thaulo masiku amene ankathamanga m'mbali mwa njanji alibe ndi nsapato zomwe. Pakamwa pake pankatuluka minga, koma Lastone analibe bwenzi lina loposa iyeyu.

Munthu amene akanathetsa mkanganowo ndi mawu ochepa anali kuseri kwa thabwa, akupalasa makina ake osokera. Felistus ankadziwa chimene chinamusiyitsa mwamuna wake. Itatha ndewu yomaliza ija, dokotala wa ku Joni anawaitanira m'chipinda awiriwo. Anawauza kuti zibakera zonse zija mutu unkazisunga, ndipo ubongo wavulala moti sudzabwereranso mwakale. Anati Lastone adzayamba kuiwalaiwala, adzayamba kupsa mtima popanda chifukwa, ndipo nthawi zina thupi lidzachita zimene linazolowera m'khola mwiniwake asakudziwa. Anawalangiza kuti asamatalikire chipatala, ndiponso kuti achibale ndi anzake apamtima auzidwe, adziwe mokhalira naye.

Felistus anamva zonsezo, koma m'makutu mwake munatsalira liwu limodzi limene dokotala sanalitchule n'komwe: misala. Kafue ankamudziwa bwino. Ankadziwa kuti ukanena lero kuti ubongo wavulala, mawa ana asukulu adzakhala akulozerana pamsewu kuti Nsato yafunta. Mumtima anati bola ena azinena kuti anathawa, ena n'kumamuikira kumbuyo, kusiyana n'kuti tauni yonse igwirizane kuti ndi wamisala. Anauza mwamuna wake kuti asauze munthu, iye n'kuvomera. Poyamba chinali chinsinsi cha anthu awiri. Kenako Lastone anachiiwala, chinatsala cha Felistus yekha.

Matendawo anabwera monga ananenera dokotala, pang'onopang'ono, osagogoda. Lastone ankapita kumsika kukagula nsomba n'kubwera chimanjamanja, atakwiya, osadziwa chimene anapitira. Mwana wawo wamkazi, Joy, ankamuitana ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kale. Felistus anaphunzira kuphimba zonsezi monga amabisira msoko mkati mwa diresi. Anthu akafunsa chifukwa chimene Nsato sionekera, ankati ikupumula. Achinyamata akabwera kudzapempha kuti awaphunzitse, ankawabwezera pageti, amvekere msana wamuvuta.

Mmawa wina Lastone anakhala pakhonde atangosamba. Felistus anamudzera kumbuyo kuti amufunditse thaulo m'mapewa. Sanadziwe n'komwe mmene anafikira pansi. Anangozindikira kuti wagona pasimenti, mkono wa mwamuna wake wamukulunga pakhosi, mpweya watha. Anagogoda monga ankaonera pa TV, koma mkonowo sunamve. Chinamupulumutsa ndi Joy, amene anakuwa mpaka agalu a nyumba zoyandikana kuuwa. Lastone anamasula mkono, n'kuyang'ana mkazi wake akutsokomola pansi, ndipo anayamba kulira ngati mwana.

“Amake Joy, ndani wakuchita so? Niuze, nimupeze.”

“Palibe, atate a Joy. Nagwa chabe.”

Mlungu wonsewo Felistus anavala kansalu m'khosi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Joy anamutumiza kukakhala kwa azakhali ake ku Lusaka, ati sukulu za kumeneko nzabwino, ndipo anamulumbiritsa kuti asatsegule pakamwa.

Apa munthu wina aliyense akanathamangira kuchipatala. Koma nthawi yomweyo n'kuti kalabu ya Humphrey ikumaliza kumanga holo yoti achinyamata a ku Nangongwe aziphunziriramo nkhonya ndi masewera ena. Humphrey ankafuna kuti pakhoma pa holoyo palembedwe dzina la Lastone Daka. Boyd ndi anzake ankakana, ati sitingapatse ana athu dzina la munthu wothawa. Komiti inali yogawikana, ndipo inagwirizana kuti idzagamula pakutha pa mwezi. Felistus anaika mtima wake wonse pa khoma limenelo. Anadziuza kuti utoto ukangouma, dzina litakhazikika poti munthu sangalifufute, adzamutengera mwamuna wake kwa madokotala. Masabata ochepa okha, ankatero, kodi angaononge chiyani?

Masana ena magetsi atathima, kometera kulibe munthu, Lemmy analowa kwa Felistus. Tsiku limenelo sanabwere ndi nthabwala. Anatseka chitseko, n'kukhala pa mpando wa makasitomala, n'kutsitsa mawu.

“Mulamu, nifuna kufunsa. Mbuya wanga ali bwino?”

Miyendo ya Felistus inaima pamakina. “Nanga mwafunsa bwanji, ba Lemmy?”

“Zulo nenze kumugela. Pakati pa nchito ananiyangana mu gilasi, ati, ‘Mudala, ndimwe bandani? Lemmy ali kuti?’ Naseka, koma eve sanaseke. Menso yake yenze ya muntu wamene saniziba zoona.” Lemmy anapukusa mutu. “Apa sinikamba va chimbuya, mulamu. Uja ni mubale wanga. Ngati adwala, niuzeni. Tizamupeleka ku chipatala naimwe, mwakachetechete, palibe azaziba.”

Kalanga ine, mwayi wina umabwera wokha mpaka kukhala pampando m'nyumba mwako! Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi ameneyu anabwera ndi manja awiri. Felistus anatsegula pakamwa, choonadi chili kale pa lilime. Koma anayang'ana thabwa lija. Anakumbukira chiseko chimene chinkaligwedeza tsiku ndi tsiku, ndipo mtsogoleri wa chisekocho anali munthu yemweyu. Anaganiza kuti pakamwa pa wometa sipasunga kanthu, kuti likamalowa dzuwa Boyd adzakhala atamva, komiti n'kumva. Anakoka kansalu kake ka m'khosi, n'kuseka chiseko chouma.

“Ba Lemmy, nimwe bakulu koma mwagwa mu musampha wa bana. Enze kumuseweletsani! Anabwela ku nyumba aseka, ati lelo namupusitsa Mubemba mpaka manja yanjenjema. Muntu ali chabe bwino.”

Nkhope ya Lemmy inamasuka nthawi yomweyo. Anadzimenya pantchafu. “Yaba! Mungoni wanigwila! Ine usiku onse osagona, nili kuda nkhawa na kapolo wanga. Mumuuze kuti nkongole ya chimbuya siola. Nizamubwezela pa bantu, azaona.” Anatuluka akuimba mluzu. Felistus anapitiriza kusoka, koma msoko umenewo anachita kuuphwasula chifukwa unakhota.

Pasanapite nthawi kunagwa maliro ku Estates. Anamwalira malume ake a Lastone, mkulu amene anachoka kum'mawa ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ndi amene anamulera Lastoneyo. Maliro otere sungamubisire munthu m'nyumba. Felistus anamuveka suti, n'kupita naye, n'kumukhazika pabenchi pansi pa mtengo wa mango, cha kumbali, kumene anaganiza kuti anthu samuvutitsa.

Mukudziwa inu mmene amakhalira maliro a wa kum'mawa kuno. Abemba ndiwo amatenga ulamuliro. Amakumba manda, amaphika, amanyoza malemu kuti wathawa ngongole, ndipo pobwera kumanda, anthu atasamba m'manja pageti, amatenga ufa wa chimanga, umene kuno timati unga, n'kumapaka ofedwa kumaso mpaka ayere mbuu. Cholinga chake nchabwino, kuti olira aseke pang'ono, mtima utsike. Tsiku limenelo khamu linali lalikulu. Humphrey analipo pamodzi ndi a komiti onse, Boyd analipo, achinyamata a kalabu analipo, ambiri atabwera kudzaonako Nsato imene inasowa.

Felistus anakhala pamphasa pakati pa amayi, phewa lake litagundana ndi la Melody, mkazi wa Lemmy. Ali pomwepo anamuona Lemmy akutuluka kuseri kwa nyumba, manja onse awiri atadzaza ufa. Ankayenda monyang'ama, kulunjika kumbuyo kwa benchi ija. Maso awo anakumana. Lemmy anamutsinzinira diso, n'kutukula chigongono pakamwa kuti asanene kanthu.

Felistus anadziwa. Thupi lake lonse linadziwa, khosi lake linadziwa. Mtunda unali waufupi, liwu limodzi lokha likanamuimitsa Lemmy. Koma akananena kuti chiyani? Kuletsa mbuya pamaliro ndi chinthu chosamveka, aliyense akanafunsa chifukwa chake. Anatembenuka n'kuona Humphrey ataima ndi a komiti, akumwetulira poona zimene Lemmy ankafuna kuchita. Anadziuza kuti mwina lero mutu uli bwino, mwina amuzindikira mawu. Anakhala chete.

Lemmy anafika. Anakulunga mkono pakhosi pa Lastone kuchokera kumbuyo, n'kumupaka ufa kumaso konse, uku akufuula kuti bwalo lonse limve: “Unathawa wa ku Kongo, manje thawa ine!”

Zimene zinachitika zinali zofulumira moti ambiri anaziona bwino pambuyo pake, pa mafoni. Lastone anawerama, Lemmy anauluka pamwamba pa phewa lake n'kugwa chagada pafumbi. Asanadzuke n'komwe, Lastone anali kale kumbuyo kwake, miyendo itamukola m'chiuno, mkono uli pakhosi. Bwalo lonse linaphulika. Amayi analuluta, achinyamata anakwera pamipando, mafoni ali m'mwamba. “Nsato! Nsato yabwela!” Ngakhale ofedwa amene ankalira kumanda anaseka mpaka kugwirana.

Lemmy nayenso anayamba ndi kuseka. Kenako anagogoda pamkono wa Lastone.

“Wagogoda!” anakuwa Boyd, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe. “Mubemba wagonja! Ba Humphrey, mwina muntu wanu sanathawe!”

Humphrey anawomba m'manja. Melody anagwira Felistus paphewa, akulephera kupuma ndi phwete. “Mulekeni amuphunzitse, mulamu. Pakamwa paja panyanya.”

Lemmy anagogodanso, tsopano mofulumira, miyendo ikupalasa fumbi. Palibe anasuntha. Ndani alowerera za chimbuya? Onse ankadikira kuti Lastone amasule mkono, awiriwo adzuke, akumbatirane. Koma Lastone sanali pamaliro. Maso ake, pakati pa ufa uja, ankayang'ana uku ndi uku kufuna woimbira masewera woti amugwire paphewa, ndipo woimbirayo panalibe.

Felistus anaimirira. Ngakhale apa, abale anga, sanathamange. Anayenda, kuti anthu asadabwe. Atafika anagwada n'kunong'ona, “Atate a Joy, basi. Yakwana. Ni ba Lemmy aba.” Lastone sanamumve. Dzanja la Lemmy linagogoda kamodzinso, mofooka, kenako linagwera pafumbi n'kukhala pomwepo. Apo m'pamene Felistus anang'amba kukhosi.

“Balekanitseni! Adwala mutu uyu! Saziba vamene achita! Azamupaya!”

Ena anasekabe, poganiza kuti nayenso walowa m'sewero. Humphrey ndiye anayamba kuona mtundu wa nkhope ya Lemmy. Anathamanga, Boyd pambuyo pake, ndi amuna ena, ndipo anachita kulimbana nawo mkonowo ngati akuzula chitsa. Atawalekanitsa, Lemmy anangoti lephethe. Lastone anaimirira, suti yonse ili fumbi, nkhope ili mbuu, n'kukweza manja onse awiri m'mwamba monga ankachitira akapambana. Anazungulira pang'onopang'ono akumwetulira, kudabwa kuti bwanji anthu sakuwomba m'manja.

Boyd anamunyamulira Lemmy m'minibasi yake, Melody akukuwa pambali pake. Anafika kuchipatala, koma anamwino anangoyang'anana. Anthu amene anabwera kudzaika munthu mmodzi anabwerera kwawo ndi maliro achiwiri.

Dzuwa lisanalowe, kanema uja anali atafika pa foni iliyonse m'Kafue, mpaka ku Lusaka ndi kuchigawo cha Migodi. Mawu a Lemmy ankamveka bwinobwino, aja akuti unathawa wa ku Kongo. Ndiye anthu anagamula okha mlandu: Nsato inasunga chakukhosi zaka zonsezi, ndipo yapha mbuya wake chifukwa chouzidwa zoona. Tsopano Felistus anayamba kulankhula. Chinsinsi chimene anachisunga ngati dzira anachimwaza paliponse, kupolisi, kutchalitchi, pamsika, kwa aliyense amene akanaima kumumvera. Anavula kansalu ka m'khosi kuti aonetse anthu, koma zipsera zinali zitapola.

“Manje ndiye adwala?” anamufunsa Boyd atakumana naye pa siteshoni, maso ali psuu. “Si ndimwe mwenze kutiuza kuti apumula chabe? Si ndimwe munauza Lemmy kuti ali bwino? Anatiuza ise, aseka. Lelo mwaona jele, ndiye mwapeza matenda.”

Patapita miyezi, madokotala a ku Lusaka anamuyeza Lastone n'kutsimikiza zonse zimene ananena mnzawo wa ku Joni. Khoti silinamutumize kundende, linalamula kuti akasungidwe kuchipatala cha odwala maganizo, kumene ali mpaka lero. Koma choonadi chochedwa chimapeza anthu atatseka kale makutu. Komiti sinakhalenso pansi kukambirana za dzina. Holo inatsegulidwa popanda dzina la munthu pakhoma, ndipo Humphrey, amene ankamuikira kumbuyo Lastone kwa zaka zonsezo, anachotsa yekha chithunzi chake mu ofesi ya kalabu. Mkangano uja wakuti anathawa kapena anasiya ali pamwamba unatheratu. Lamba wa ku Joni palibenso amamutchula. Mwana wa ku Kafue ukamufunsa lero za Lastone Daka, amati ndi uja anapha mnzake pamaliro.

Pa maliro a Lemmy, a kum'mawa ndiwo anayenera kuchita chimbuya. Anakumba manda, anaphika, anatumikira, koma palibe anayerekeza kugwira ufa kapena kuponya nthabwala. Anthu anadya ali chete n'kubalalika.

Felistus amapita kukamuona mwamuna wake. Amamupeza atakhala pabenchi padzuwa, thupi lija litatha, manja akunjenjemera. Masiku ena amamuzindikira, masiku ena ayi. Koma pafupifupi ulendo uliwonse amafunsa funso lomwelo. “Amake Joy, mbuya wanga aniiwala? Bwanji sabwela kuniona? Mumuuze naleka kukwiya, abwele chabe anitukwaneko.” Felistus amayankha kuti abwera, ntchito yamuchulukira. Akatero amapita kuseri kwa chimbudzi kukalira.

Panapita nthawi yaitali asanalimbe mtima kukaonana ndi Melody. Anamupeza akuchapa pakhomo, atavala zakuda. Felistus anagwada pafumbi, patali ndithu, n'kuyamba kupepesa. Anafotokoza za dokotala, za khoma la holo, za mantha ake. Melody anamumvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni, osamudula. Kenako analankhula motsitsa, mopanda ukali, ndipo bola akanakalipa.

“Ba Lastone sinibazonda. Ni bodwala, sibanazibe. Ba Lemmy benze kubakonda, sembe munabauza, sembe lelo ndiye bamene babasambika na kubadyetsa. Banabwela kuli imwe na mutima umozi, imwe munabatuma ku imfa baseka.” Anatulutsa manja m'madzi n'kumuyang'ana. “Koma chamene chinibaba maningi ni ichi. Mwenze nkhale pafupi na ine. Munabaona bayenda na unga, munaziba. Ine nenze kuseka, nakugwilani na pa phewa. Munanileka niseke mwamuna wanga akufa. Bana banga baona pa foni amai babo baseka. Ico nizachichosa bwanji?”

Pepani sapoletsa chilonda. Melody anabweza manja m'beseni n'kupitiriza kuchapa, ndipo Felistus anakhala chigwadire mpaka anazindikira kuti palibe amene amuuze kuti adzuke.

Mayi ameneyu sanali woipa mtima, ndipo nchifukwa chake nkhani yake imandiwawa. Ankamukonda mwamuna wake, ankafuna kuti dzina lake likhale. Akanati atsegule pakamwa, anthu akanaseka mwezi umodzi, ena akanaloza chala, kenako akanazolowera, ndipo Kafue akanadziwa kuti katswiri wawo sanathawe munthu, anapereka mutu wake m'khola mpaka unatha. Koma anaopa chiseko cha kometera, nataya mwamuna, nataya mnansi, nataya ndi dzina lomwelo limene ankalitchinjiriza. Thandizo linamupeza pakhomo, iye analibweza chifukwa choopa maso a anthu. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.